Mmene mungazindikirire mbalame ndi kuonera nyama m'chipululu cha Kgalagadi

Munthu amene anazolowera ku Liwonde kapena ku South Luangwa amafika ku Kgalagadi maso ali kunjira kudikira njovu, mvuu ndi ng'ona. Zonsezo kulibe. Njati kulibe, chipembere kulibe. Chiliko ndi mchenga wofiira, mitsinje iwiri youma, ndi mitengo yaminga yoima patalipatali. Koma kwa wofuna kuphunzira mbalame ndi nyama, kuuma kumeneku ndi mwayi: palibe masamba obisa mbalame, ndipo madzi amapezeka pa malo owerengeka, kotero chamoyo chilichonse chofuna kumwa chimadzakupezani pomwe mwaima. Malangizo ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyo. Ku Kgalagadi amene amaona zambiri ndi amene amadziwa poima, osati amene wayenda makilomita ambiri.

Yambani ndi kudziwa kapangidwe ka malowa

Kgalagadi Transfrontier Park ili m'chipululu cha Kalahari, ndipo inapangidwa pophatikiza mapaki awiri: Kalahari Gemsbok National Park ya ku South Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1931, ndi Gemsbok National Park ya ku Botswana. Apulezidenti Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anaitsegula ngati paki imodzi mu Meyi 2000. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 38,000, ndipo gawo lalikulu lili ku Botswana. Pakati pa mayiko awiriwa palibe mpanda, nyama zimangodutsa.

Musachite mantha ndi kukulako. Mlendo wa galimoto wamba amayenda makamaka m'misewu iwiri, yomwe imatsata mitsinje ya Auob ndi Nossob. Mitsinjeyi imatha zaka zambirimbiri osayenda madzi, koma pansi pake pamakhala chinyontho, n'chifukwa chake mitengo ikuluikulu ndi msipu wabwino zili m'menemo, ndipo nyama zodya udzu zimasonkhana m'menemo. Mitsinje iwiriyi imakumana pafupi ndi Twee Rivieren, pomwe pali chipata chachikulu ndi kampu yaikulu. Mukatsata Auob mumakafika ku kampu ya Mata-Mata pa malire a Namibia, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Mukatsata Nossob mumakafika ku kampu ya Nossob, makilomita pafupifupi 160. Palinso misewu iwiri yodutsa pa zitunda za mchenga yolumikiza mitsinjeyi.

M'mbali mwa misewu imeneyi muli madziwe ang'onoang'ono a madzi opopedwa pansi. Zitsime zambiri za ku Auob zinakumbidwa cha m'ma 1914, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuti asilikali a South Africa adzapeze madzi popita kukamenyana ndi Ajeremani m'dziko lomwe lero ndi Namibia. Pa Auchterlonie pali kanyumba ka miyala kosonyeza mmene olondera zitsimezo ankakhalira. Gulani mapu pa chipata ndipo muloweze mayina a madziwewo, chifukwa ndiwo chinenero cha anthu onse m'pakimo. Wina akakuuzani kuti mikango ili pakati pa Rooiputs ndi Kij Kij, muyenera kudziwa kuti akunena mbali ya Nossob. Akati Montrose, Dalkeith kapena Craig Lockhart, akunena mbali ya Auob.

Sankhani nyengo, ndipo mukonzekere msanga

Mvula imagwa pang'ono, pafupifupi mamilimita 200 pachaka, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo. Kwa wokonda mbalame, miyezi imeneyi ndi yokoma kwambiri: mbewa ndi ziwala zimachuluka, mbalame zodya nyama zimachulukanso, adokowe ndi mbalame zina zoyendayenda zimafika. Vuto lake ndi kutentha, komwe kumapitirira madigiri 40. Mu Juni ndi Julayi masana kumakhala bwino koma usiku madzi amaundana m'chidebe. Ine ndingasankhe Malichi kapena Epulo.

Malo ogona amasungitsidwa kudzera ku SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a ku South Africa, ndipo amatha msanga, kotero yambani miyezi ingapo ulendo usanafike. Kwa amene muli ku Joni, njira ndi msewu wa N14 mpaka ku Upington, makilomita pafupifupi 800, kenaka R360 wa tala makilomita ena oposa 250 mpaka pa chipata. Tengani pasipoti ngakhale simukufuna kuoloka malire, chifukwa nzika za mayiko a SADC, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, zimalipira ndalama yocheperako poyerekeza ndi alendo a kunja kwa chigawochi. Ngati mutulukira chipata cha dziko lomwe munalowera, sipafunika chidindo cha pa malire.

Zonyamula zofunika ndi magalasi oonera patali, omwe ambiri amangoti ma binoculars. Olembedwa 8x42 kapena 10x42 ndi okwanira, ndipo munthu aliyense akhale ndi ake, chifukwa kubwerekana kumaphonyetsa mbalame. Tenganinso buku la mbalame za kum'mwera kwa Africa, kabuku kolembamo, pensulo, tochi, madzi akumwa ambiri chifukwa a m'makampu ndi amchere, ndi zovala za mphepo ngakhale mukupita nthawi yotentha. Ngati mumadalira apu ya pafoni yozindikirira mbalame ngati Merlin, ikoperenitu zonse mukadali ku Upington. Netiweki imapezeka ku Twee Rivieren, mukalowa mkati imatha.

Galimoto ndiye chobisaliramo chanu

Misewu ya m'kati ndi ya mchenga ndi miyala, yamabampu ang'onoang'ono ogwedeza mano. Chepetsani mpweya wa matayala kufika pa 1.6 bar musanalowe. Liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola, koma amene akufuna mbalame asapitirire 25 kapena 30. Thirani mafuta paliponse pomwe mwawapeza, ku Twee Rivieren, Mata-Mata kapena Nossob.

M'mawa uliwonse mumatenga chiphaso chanu choyendera m'paki ku ofesi ya kampu, n'kunena komwe mukulowera, ndipo madzulo mumachibweza. Amatero kuti mukapanda kubwera adziwe msewu wokakufunirani. Galimoto ikawonongeka, khalani momwemo mudikire. Kutuluka m'galimoto kumaloledwa m'makampu ndi pa malo odyera okha, monga Melkvlei, Dikbaardskolk ndi Kamqua, ndipo pa malo odyerawo palibe mpanda, choncho yang'anani pansi pa mitengo ndi kuseri kwa chimbudzi musanatsegule chitseko. Nthawi yotsegula zipata imasintha ndi mwezi: mu Disembala ndi 5:30 m'mawa, mu Juni ndi 7:30. Khalani pa chipata nthawiyo isanakwane.

Nyama za kuno zinazolowera galimoto ngati chinthu chosaopsa. Zikaona mutu kapena mkono wa munthu watulukira pa windo zimathawa. Ndiye zimitsani injini, tsitsani galasi, muike chigongono pa chitseko kuti ma binoculars asanjenjemere, ndipo muziyankhulana motsitsa.

Sankhani dziwe limodzi, mukhalepo

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amafika pa dziwe, n'kuona kuti palibe mkango, n'kupitirira. Inu imani pomwe dzuwa lili kumbuyo kwanu, ndipo mukhalepo ola lathunthu kapena awiri.

Oyamba kufika ndi njiwa, mazanamazana, zikutera m'mitengo yozungulira kenaka n'kutsikira pamadzi pamodzi. Zambiri ndi njiwa zamkanda wakuda kumbuyo kwa khosi, zomwe timazidziwa kwathu. Pakati pake muona tina tating'ono tamchira wautali, ta Namaqua dove. Tamphongo timakhala ndi nkhope ndi khosi zakuda. Mpheta zamitu yofiira zimabwera m'magulu, kumwa mwachangu n'kubalalika.

Pakapita maola awiri kapena atatu dzuwa litatuluka, tcherani khutu kumwamba. Mudzamva kulira kwa mbalame za sandgrouse zisanaoneke. Zimafanana ndi nkhunda zamiyendo yaifupi, zamtundu wa mchenga, ndipo zimauluka mtunda wautali tsiku lililonse kudzamwa. Zilipo mitundu iwiri yoti musiyanitse. Namaqua sandgrouse ili ndi mchira wautali wosongoka, ndipo yamphongo ili ndi mizere iwiri pachifuwa, woyera ndi wofiirira. Burchell's sandgrouse ili ndi mchira waufupi, thupi lofiirira lamadontho oyera, ndi kabwalo kachikasu kozungulira diso. Mukaziona zatera, musamangowerenga. Sankhani yamphongo imodzi muiyang'anitsitse. Ina imangomwa n'kunyamuka, koma ina imalowa m'madzi mpaka pamimba, n'kutukumula nthenga, n'kumadzigwedeza pang'onopang'ono. Imeneyo ili ndi anapiye. Nthenga za pamimba pake zimasunga madzi, ndipo ikabwerera kutchire anapiye amakoka madziwo ndi milomo kuchokera m'nthengazo. Mukaona zimenezi mwadziwa kuti mbalameyi ikuswa nyengo imeneyo, ngakhale simunaone chisa.

Pomwe pali njiwa zambiri chonchi, wozidya sakhala patali. Pa dziwe la Cubitje Quap, kumpoto pang'ono kwa kampu ya Nossob, akabawi a mtundu wa lanner amadziwika ndi kusaka njiwa ndi sandgrouse m'mawa. Chizindikiro chake ndi chakuti gulu lonse limanyamuka nthawi imodzi ndi phokoso la mapiko. Zikatero musayang'ane njiwazo. Yang'anani m'munsi, chakumbali komwe zikuthawa, chifukwa kabawi amabwera chapansipansi mothamanga kwambiri. Nkhandwe nazo zimagona pafupi ndi madzi ngati sizikufuna kanthu, kenaka n'kulumphira njiwa yomwe yachedwa kunyamuka.

Funsani mafunso asanu musanatsegule buku

Wophunzira akaona mbalame yachilendo amathamangira buku, ndipo akadzutsa mutu mbalame yapita. Buku silithawa. Yang'anani mbalame mpaka ichoke, mukudzifunsa izi.

Ndi yaikulu bwanji? Iyezeni ndi mbalame zomwe mumazidziwa kale: mpheta, pumbwa, njiwa, khwangwala, nkhanga. Mlomo wake ndi wotani, waufupi wonenepa wosweera mbewu, woonda wotolera tizilombo, kapena wangowe? Miyendo ndi yaitali kapena yaifupi, yamtundu wanji, ili ndi nthenga mpaka ku zala kapena ndi yosalala? Ili pati, pansonga pa mtengo, mkati mwa chitsamba, kapena pansi? Ikuchita chiyani, ikuyenda, ikudumpha, ikugwedeza mchira, ikuuluka n'kubwerera pa nthambi yomweyo?

Mtundu wa nthenga ubwere pomalizira. Kuwala kwa m'chipululu kumanamiza: m'mawa chilichonse chimaoneka chofiirira, masana chilichonse chimayera, ndipo mbalame zoyenda pansi zimadetsedwa ndi mchenga wofiira. Komanso mbalame zambiri zodya nyama zimasintha nthenga zikamakula. Kapangidwe ka thupi ndi khalidwe sizisintha.

M'pakiyi munalembedwa mitundu ya mbalame pafupifupi 280, koma yokhalamo chaka chonse siifika 100. Kuchepa kumeneku kukuthandizani. Mukaona mbalame yofiira pyu pachifuwa, yakuda kumsana, yamzere woyera pa phiko, ikudumpha pansi pa mtengo waminga, palibe china choisokoneza nacho: ndi crimson-breasted shrike. Timbalame tofiirira toyenda pansi ta mtundu wa lark ndi tovuta ngakhale kwa akatswiri. Tisiyeni kaye, mudzatibwerere tsiku lachitatu.

Mbalame zodya nyama: yambani ndi imodzi

Kgalagadi imatchuka ndi ziombankhanga, akabawi ndi miimba, ndipo njira yosavuta yoziphunzirira ndi kudziwa bwino imodzi yomwe imaoneka paliponse, kenaka zina zonse muziziyerekeza nayo. Imeneyo ndi pale chanting goshawk. Mudzaiona pansonga za mitengo pafupifupi kilomita iliyonse: yotuwa mowala, yoima chilili, miyendo yaitali yofiira ngati lalanje lakupsa, tsinde la mlomo lofiiranso, pamimba pali timizere tosanjikizana. Yaing'ono imakhala yofiirira, ndipo imasokoneza anthu ambiri, koma miyendo yaitali ndi kaimidwe ndi komweko. Mukaona yofanana nayo koma yaing'ono ngati njiwa, ikuuluka mwamphamvu kulowa m'mitengo, ganizirani gabar goshawk, yomwe nthawi zina imakhala yakuda thupi lonse.

Kumwamba, yosavuta kuposa zonse ndi bateleur, chiombankhanga chomwe chimapezekanso m'mapaki a kwathu. Mchira wake ndi waufupi kwambiri moti zala zimatulukira kumbuyo, ndipo chimauluka osakupiza, chikupendekera uku ndi uku. Chachikulu ndi chakuda, nkhope ndi miyendo zofiira. Chaching'ono ndi chofiirira ndipo chimatenga zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa kuti chifike pa nthenga za uchikulire. Mukaona chiombankhanga chofiirira chamutu waukulu chopanda mchira weniweni, musavutike kufufuza masamba ena.

Pali ziwiri zomwe zimafanana patali, zonse zakuda mutu ndi chifuwa, zoyera pamimba. Martial eagle ndi yaikulu kwambiri, ili ndi madontho akuda pamimba, miyendo yovala nthenga mpaka ku zala, ndipo kunsi kwa mapiko n'kwakuda. Black-chested snake eagle ilibe madontho, miyendo yake ndi yosalala, maso aakulu achikasu, ndipo kunsi kwa mapiko n'koyera kwa mizere. Kusiyana kwa miyendoku kukugwirizana ndi chakudya: yachiwiriyi imadya njoka, ndipo miyendo yake ili ndi mamba olimba.

Tawny eagle ndiyo imayesa munthu, chifukwa ina imakhala yoyererako, ina yofiirira, ina yamathothomathotho. Iyang'aneni pakamwa. Mzere wachikasu wa m'mbali mwa mlomo umathera pansi pa pakati pa diso. Ukapitirira mpaka kumbuyo kwa diso, ndipo ndi nyengo ya mvula, mwina mwakumana ndi steppe eagle yochokera ku Asia. Miimba ilipo mitundu iwiri yodziwika: yamsana woyera yomwe imabwera m'magulu, ndi lappet-faced vulture, yaikulu, yamutu wofiira wopanda nthenga, yomwe ikafika pa nyama yakufa inzake imapatuka.

Imani pa chisa cha atchete

Musanafike n'komwe pa chipata, pa mapolo a m'mbali mwa R360, mudzaona milu ya udzu yolendewera. M'pakimo ili m'mitengo ya camelthorn, yomwe ndi ya m'gulu la mthethe, ndipo imaoneka ngati denga la udzu lomwe mphepo yalinyamula n'kulikoleka m'nthambi. Ndi zisa za atchete a sociable weaver. Chisa chimodzi chimakhala ndi zipinda zambirimbiri ndi mbalame mazana, ndipo mibadwo imasiyirana kwa zaka makumimakumi mpaka nthambi kuthyoka ndi kulemera. Mkati mwake mumazizirirako masana ndipo mumafunda usiku wa chisanu, n'chifukwa chake mbalamezi zimagonamo chaka chonse.

Imikani galimoto chapatali pang'ono, muyang'ane kunsi kwa chisa komwe kuli makomo. Fufuzani khomo lomwe m'mphepete mwake mwayera ndi zitosi zouma. Chipinda chimenecho si cha tchete, ndi cha pygmy falcon, kabawi wamng'ono kuposa onse mu Africa, wotalika masentimita 20 okha. Kum'mwera kwa Africa kuno sadzimangira chisa, amalanda chipinda kwa atchete. Mukaona chizindikirocho yang'anani nsonga za nthambi zouma zapafupi: kambalame koyera pamimba, kamaso akuda, kogwedeza mchira. Kamsana wotuwa ndi kamphongo, kamsana wofiirira ndi kathazi.

Atchete akayamba phokoso losazolowereka n'kumazungulira malo amodzi, yang'anitsitsani. Njoka ya Cape cobra, yomwe kuno imakhala yachikasu chowala, imakwera m'zisazi n'kumalowetsa mutu chipinda ndi chipinda kufuna mazira ndi anapiye. Pa malo odyera musayale mphasa pansi pa chisa, ngakhale mthunzi wake ukome bwanji.

Zoyenda pansi

Nthiwatiwa sifunika malangizo. Ziwiri zomwe zimasokonezeka patali ndi kori bustard ndi secretarybird. Kori ili ndi khosi lonenepa lotuwa ndi kansonga kumbuyo kwa mutu, imayenda mwaulemu mlomo utakwezeka pang'ono, ndipo ili m'gulu la mbalame zolemera kwambiri zomwe zimatha kuuluka. Secretarybird ili ndi miyendo yaitali yakuda kumtunda, nkhope yalalanje, nthenga ziwiri zazitali kumchira, ndipo imayenda mwachangu ikuponda udzu. Ikaima n'kuyamba kumenya pansi ndi phazi, yapeza buluzi, mbewa kapena njoka. Pa misewu ya pa zitunda mudzamva phokoso lokhadzula kuchokera kwa mbalame yakuda pamimba yabanga loyera patsaya, yomwe imauluka ikulalata n'kutera miyendo yachikasu ili lende. Ndi tambala wa northern black korhaan.

Lolani mchenga ndi mbalame zikulozereni nyama

Ola loyamba zipata zikatsegulidwa, yang'anani pa msewu penipenipo. Zilombo zimakonda kuyenda m'msewu usiku. Mapazi omwe ali pamwamba pa mizere ya matayala a dzulo ndi a usiku womwewo. Phazi la mkango ndi la kambuku silionetsa zikhadabo, ndipo kumbuyo kwa chikhatho kuli timapewa titatu. La fisi limaonetsa zikhadabo, timapewa ndi tiwiri, ndipo phazi lakutsogolo ndi lalikulu kuposa lakumbuyo. La cheetah, chilombo chamawanga chothamanga kwambiri, lili ndi timapewa titatu ngati la mphaka koma zikhadabo zimaoneka. Mapazi akachoka pa msewu, imani, muyang'ane pamwamba pa chitunda ndi pansi pa mtengo uliwonse wa mbali imeneyo. Mikango ya kuno, yomwe amphongo ambiri ali ndi manyenje akuda, imakonda kugona pamwamba pa chitunda m'mawa, ndipo dzuwa likakula imatsikira pamthunzi.

Kenaka werengani nyama zodya udzu. Gulu la springbok, nyama zofanana ndi nswala, likamadya mitu ili pansi, palibe nkhani. Zonse zikaimika makosi n'kuyang'ana mbali imodzi, tsatani maso awo, osati iwo. M'chigwa cha Auob nthawi zambiri mathero ake amakhala cheetah. Nkhandwe zitatu kapena zinayi zikakhala pansi motalikirana zikuyang'ana chitsamba chimodzi, pali nyama yophedwa ndipo mwini wake akadali pomwepo. Tawny eagle, bateleur ndi miimba zikatera mtengo umodzi osatsika, tanthauzo ndi lomwelo. Kambuku mumufune m'matanthwe oyera a m'mphepete mwa Auob, m'mapanga ake ang'onoang'ono.

Chizindikiro chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi cha goshawk uja. Mukaona awiri kapena atatu atsika pa zitsamba zazifupi kapena akuyenda pansi pamalo amodzi, pafupi pamakhala chiuli chikukumba. Mbewa ndi abuluzi othawa chiuli amagwera m'zikhadabo za mbalamezo, ndipo nthawi zina nkhandwe imatsatanso. Nthengu nayo imachita zake ndi timeerkat, tinyama tokhala m'mauna tomwe timaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Imalondera tinyamati ndi kulira kochenjeza pakabwera chiombankhanga, koma nthawi zina imalira mabodza kameerkat katangofukula chakudya, kenaka n'kutola chomwe kataya pothawa. Mukapeza timeerkat tikudya ndipo nthengu ili pa nthambi pamwamba pawo, zimitsani injini muonerere.

Gemsbok, mphalapala ya m'chipululu yanyanga zazitali zoongoka, imatha nthawi yaitali osamwa. Imapeza madzi m'mavwende akutchire a tsamma ndi mizu yomwe imakumba, imadya usiku udzu ukayamwa chinyontho, ndipo mitsempha ya m'mphuno mwake imaziziritsa magazi opita ku ubongo. Nyumbu sizingathe zimenezo, n'chifukwa chake mumazipeza pafupi ndi madziwe nthawi zonse. Akadyansonga ali mbali ya Mata-Mata.

Masana ndi usiku m'kampu

Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko nthawi yotentha, bwererani ku kampu. Kumeneko mungayende wapansi, ndipo ndi nthawi yofufuza akadzidzi m'mitengo. Yang'anani pansi kaye: zitosi zoyera ndi timibulu ta ubweya ndi mafupa zimasonyeza nthambi yomwe kadzidzi amagona. Wamkulu wotuwa wazikope zofiirira ndi Verreaux's eagle-owl, wamaso achikasu ndi spotted eagle-owl, ndipo kakang'ono kokhala ndi madontho awiri akuda kumbuyo kwa mutu ndi pearl-spotted owlet. Kunja kwa kampu, kuyang'ana m'mphanda za mitengo mwanjira yomweyi kumakupezetsani vumbwe ali m'tulo. Agologolo a pansi, omwe amadziphimba dzuwa ndi mchira, adzabwera mpaka pa mapazi anu. Musawapatse chakudya, n'koletsedwa ndipo amaluma.

Dzuwa likamalowa mudzamva phokoso ngati la timiyala togundana kuchokera pansi paliponse. Si mbalame kapena achule, ndi analimata amphongo akulira pa makomo a mauna awo. Ku Nossob kuli kanyumba kobisalamo koyang'ana dziwe lowalitsidwa usiku, komwe nkhandwe, akadzidzi, fisi wabulauni waubweya wautali, ngakhale mikango zimabwera. Valani nsapato zotseka ndipo muunike pansi poyenda, zinkhanira n'zambiri. Kuyenda ndi galimoto yanu usiku n'koletsedwa, koma makampu akuluakulu amakonza maulendo a madzulo ndi owongolera, ndipo alonda amenewa ndi oyenera kuwafunsa za mapazi omwe anakuvutani m'mawa. Luso lowerenga mchenga kuno ndi lakale: dera limeneli ndi kwawo kwa anthu a ǂKhomani San, omwe pamodzi ndi anthu a Mier anabwezeredwa gawo la pakiyi mu 2002, ndipo mu 2017 UNESCO inaika dera lawo pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse.

Lembani tsiku lomwelo

Pa mbalame iliyonse lembani tsiku, nthawi, dzina la dziwe lapafupi, ndi zomwe munaona ndi maso anu, osati zomwe buku likunena. Mbalame yomwe simunaitsimikize ilembeni motere: "chiombankhanga chofiirira, miyendo ya nthenga, pakamwa sindinaone," ndipo muisiye choncho osaipatsa dzina. Chithunzi cha pafoni chojambulira pa diso la ma binoculars, ngakhale chosaoneka bwino, chimathandiza madzulo mukamafananiza ndi buku. Ngati mukufuna kuti zolemba zanu zithandize ofufuza, apu ya BirdLasser imatumiza zomwe mwaona ku SABAP2, ntchito yolemba mapu a mbalame za kum'mwera kwa Africa, ndipo eBird imalandira mindandanda ya malo alionse. Mu ofesi za makampu mumakhala bolodi kapena buku lomwe alendo amasonyezapo pomwe aona zilombo tsiku limenelo. Mukamabweza chiphaso madzulo, onjezanipo zanu, muwerenge za anzanu, ndipo musankhiretu dziwe lomwe mukaimepo mawa.